Funso la Owerenga: Kodi cheza cha nyukiliya chimasintha chiyani m'chithokomiro?

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi, ndipo ndinawerenga kuti ngozi ya ku Chernobyl itachitika, ana ambiri anadwala khansa ya chithokomiro. Kodi cheza chimenechi chimawononga chiyani kwenikweni m'thupi, ndipo kodi amene anakhudzidwa angapatsire ana awo vutoli?

Yankho: Bambo aphunzitsi, pamene malo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl m'dziko la Ukraine anaphulika pa 26 Epulo 1986, mphepo inamwaza ayodini wotulutsa cheza, wotchedwa iodine-131, pa msipu wa ku Ukraine, Belarus ndi Russia. Ng'ombe zinadya udzuwo, ana n'kumwa mkaka wake. Chithokomiro chimakoka ayodini m'magazi kuti chipange mahomoni, ndipo sichisiyanitsa wabwino ndi woopsa, choncho kachiwalo kakang'ono ka pakhosi pa mwana kanadziunjikira chezacho. Pofika 2005, anthu oposa 6,000 amene pa nthawi ya ngoziyo anali ana kapena achinyamata anali atapezeka ndi khansayi. N'zopweteka mtima kuti ambiri akanapulumuka mkakawo ukanaletsedwa msanga, chifukwa mphamvu ya ayodini ameneyu imachepa ndi theka pa masiku 8 aliwonse.

Chimene cheza chimachita m'selo n'kudula DNA, ulusi wa mbali ziwiri wosunga malangizo a chibadwa ngati zilembo zondondozana, mbali zake zonse ziwiri nthawi imodzi. Selo limayesetsa kukonza, koma nthawi zina limalumikiza zidutswa zosayenderana, ngati munthu amene akumanga mumdima zingwe ziwiri zoduka n'kulunzanitsa nsonga zolakwika. Jini (kachigawo ka DNA kokhala ndi langizo linalake) yotchedwa RET ikalumikizidwa ku jini ina mwa njira imeneyi, imayamba kulamula selo kuti lizigawikana mosalekeza, ndipo mtundu wa kulumikizana kotereku wotchedwa RET/PTC3 unapezeka kwambiri mwa ana amene anayamba kudwala m'zaka zoyambirira. Khansa ya chithokomiro imene imagwira akuluakulu popanda cheza nthawi zambiri imayamba mosiyana, pamene kachilembo kamodzi kokha kasintha mu jini ya BRAF.

Mu 2021, akatswiri a bungwe lofufuza za khansa la National Cancer Institute la ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa zotupa zoposa 400 za anthu a ku Ukraine. Anapeza kuti munthu akalandira cheza chochuluka, makamaka ali wamng'ono, majini olumikizana molakwikawa ndiwo ankapezeka kwambiri m'chotupa chake. Komabe kusintha kumeneku kumapezekanso mwa odwala ena amene sanakhudzidwepo ndi cheza, motero dokotala sangayang'ane chotupa chimodzi n'kugamula kuti chinabwera ndi Chernobyl.

Pa funso lanu lachiwiri, zowonongekazi zimakhala m'maselo a chithokomiro, osati m'mbewu yoberekera. Chaka chomwecho, kafukufuku wa ana 130 obadwa kwa makolo amene anakhudzidwa ndi chezachi sanapeze kuwonjezeka kwa majini osinthika mwa anawo. Odwalawo nawonso ambiri anachira atachitidwa opaleshoni yochotsa chithokomiro, ngakhale kuti amamwa mapiritsi a mahomoni moyo wawo wonse.