Mwana wanu akufuna kupanga magitala: musamuletse, koma asathawe masamu

Mayi ena a ku Mchengautuwa andilembera kalata yokhudza mwana wawo wamwamuna amene ali mu Fomu 3. Mnyamatayo anatenga thabwa la paini n'kulisema kukhala thupi la gitala yamagetsi, ndipo zitsulo ndi mawaya anazichotsa pa gitala yakutha imene inkangokhala m'chipinda chosungiramo katundu kutchalitchi kwawo. Gitalayo imalira ndithu akailumikiza ku ampulifaya, koma akaichuna bwinobwino n'kuyamba kudina nsambo chakufupi ndi thupi, mawu ake amasemphana. Pano akunena kuti sukulu ikumuchedwetsa, akufuna kuisiya kuti azipanga magitala, ndipo akuti chimene chikumusowa ndi makina a CNC, odula matabwa molamulidwa ndi kompyuta, amene amawaona pa YouTube. Bambo ake akufuna kuti adzaphunzire za akawunti. Funso la mayiwo ndi lakuti, kodi imeneyi ndi ntchito yoti munthu angadye nayo, nanga angakaiphunzire kuti?

Mayi, mwana amene wasema thabwa mpaka lalira nyimbo popanda womuphunzitsa ali ndi luso, ndipo luso lotere si lachilendo kwathu kuno, kumene anyamata akhala akupanga mabanjo a zigubu za mafuta ndi mababatoni kuyambira kalekale. Musalinyoze. Koma chimene chavuta pa gitala yakeyo si kusowa kwa makina. Vuto lake ndi la masamu, omwewo amene akufuna kuwathawa, ndipo ndikufuna ndikuonetseni mmene zilili kuti mukathe kukambirana naye ndi mfundo osati ndi ukali.

Pa khosi la gitala pamakhala tizitsulo topingasa timene oimba amati mafreti, ndipo malo a kachitsulo kalikonse sasankhidwa ndi diso. Choyamba mmisiri amasankha utali wa nsambo kuchokera pa nut, kachidutswa kamene nsambo zimadutsapo kumutu kwa gitala, kukafika pa bridge, pamene nsambozo zimakhazikika pathupi. Magitala ambiri a kampani ya Fender utali umenewu ndi mamilimita 648, pamene a kampani ya Gibson ndi pafupifupi 628. Akatero amagawa utaliwo ndi nambala 17.817 kuti apeze malo a freti yoyamba. Pa mamilimita 648, freti yoyamba imakhala pa 36.4 kuchokera pa nut. Kenako utali wotsalawo amaugawanso ndi nambala yomweyo kuti apeze yachiwiri, n'kumapitirira choncho mpaka zonse 21 kapena 22 zitakwana. Akawerengera molondola, freti yachisanu imagwera pa 162.5, yachisanu ndi chiwiri pa 215.5, ndipo ya nambala 12 imagwera pakati penipeni pa nsambo, pa 324. Mmisiri akaphonya ndi milimita imodzi yokha, makamaka pa mafreti oyandikira thupi, khutu la woimba limamva. Choipa china n'chakuti munthu akamayeza freti iliyonse kuchokera pa inzake, zolakwika zing'onozing'ono zimaunjikana. N'chifukwa chake amisiri amayeza zonse kuchokera pa nut. Ngakhale bridge yeniyeniyo saiika pa 648 ndendende, amaisunthira kumbuyo pang'ono, makamaka ku nsambo zonenepa, chifukwa nsambo ikadinidwa imakokeka ndipo mawu amakwera. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikukayikira kwambiri kuti bridge ya mwana wanu ili pamalo olakwika.

Gawo lachiwiri ndi la magetsi, ndipo apa pakulowa fizikisi. Chimene chimatola mawu a nsambo, chotchedwa pickup, ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wowonda ngati tsitsi, wozungulizidwa pafupifupi ka 8,000 pa pickup ya gitala ya Fender yotchedwa Stratocaster. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo imadzutsa magetsi ochepa kwambiri m'wayamo, ndipo ampulifaya ndiye amawakuza. Imeneyi ndi mfundo yomweyo ya maginito ndi waya imene ili m'silabasi ya MSCE. Pickup ya koilo imodzi imatolanso kulira kwa magetsi a m'nyumba, kumene kuno kwathu kumakhala pa 50 Hz. Pofuna kuthetsa vutoli Seth Lover wa ku Gibson anapanga pickup ya makoilo awiri osemphana yotchedwa humbucker, imene inayamba kuikidwa pa magitala awo mu 1957. Mnyamata amene wamvetsa zimenezi, amene amadziwa kuwotcherera mawaya mwaukhondo ndi kuyeza magetsi ndi kachipangizo kotchedwa multimeter, angathe kukulunga pickup yakeyake pogwiritsa ntchito mota ya makina osokera. Ayeneranso kudziwa kuti nsambo za gitala zimalumikizidwa ku waya wa earth, kotero ampulifaya wowonongeka angathe kumugwiritsa shoko woimba. Si nkhani yoseweretsa.

Ndikhalitse pang'ono pa matabwa, chifukwa apa m'pamene ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi komanso msampha. Mwayi wake ndi wakuti matabwa tili nawo pafupi. Paini wa ku Chikangawa amene mwana wanu anagwiritsa ntchito si wonyozeka pa thupi la gitala, pakuti ena mwa magitala oyambirira a Fender mu 1950 anali a thupi la paini. Mbawa ndi mtengo womwewo umene makampani akunja amaugula pa dzina la African mahogany n'kupangira matupi ndi makosi a magitala odula. Mlombwa susinthasintha kwambiri ukauma, malaina ndi wopepuka ndiponso wosavuta kusema, ndipo phingo ndi wolimba mokwanira pa thabwa lapamwamba limene mafreti amakhomedwapo. Msampha wake ndi chinyontho. Thabwa limene mwagula lero pamsika nthawi zambiri langochekedwa kumene, ndipo mumzinda wathu uno, mmene mvula imachedwa kusiya komanso chifunga ndi mawawa zimatipeza mu June ndi July, thabwa siliuma msanga. Amisiri a zoimbira amafuna kuti chinyontho chitsike kufika pa 6 mpaka 8 peresenti, ndipo lamulo lakale la akalipentala limati thabwa la inchi imodzi kuchindikala kwake lipatsidwe chaka chathunthu likuuma pamthunzi, litasanjidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Tebulo la thabwa losauma limangong'aluka pang'ono, anthu n'kumadyerapobe. Khosi la gitala silikhululuka choncho, chifukwa nsambo zisanu ndi imodzi zimalikoka usana ndi usiku ndi mphamvu yoposa makilogalamu 40, ndipo likapotoka gitala yonse yatha ntchito. N'chifukwa chake mkati mwa khosi amaikamo ndodo yachitsulo yotchedwa truss rod, yoti azilimbitsa kapena kumasula pofuna kuwongola khosilo.

Pa nkhani yomweyi ya matabwa, mwana wanu aphunzire msanga kugula kwa anthu amene ali ndi chilolezo cha nthambi ya za nkhalango. Mitengo ya mtundu wa phingo yonse ili pansi pa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi yotha, kuyambira 2017, ndipo mbawa ndi mlombwa za mu Africa zinawonjezeredwa pa mndandanda womwewo pa msonkhano wa mu 2022, kotero kutumiza matabwa ake kunja kumafuna mapepala. Mkungudza wa ku Mulanje asaukhudze n'komwe. Ine ndimalangiza oyamba kumene kuti azifunafuna zitseko zakale ndi matebulo othyoka a mbawa kapena mlombwa, chifukwa matabwa amenewo anauma zaka zambiri zapitazo ndipo sagwetsa mtengo wina m'nkhalango.

Za makina a CNC ndinene mosabisa: musagulitse kalikonse pofuna kumugulira. Makina amenewa amadula thabwa motsatira chojambula chimene munthu wakonza pa kompyuta, ndipo chojambulacho chikakhala cholakwika amadula cholakwikacho mokhulupirika kakhumi konse. Sasankha thabwa, sasalaza mafreti, ndipo samva ngati khosi likukhala bwino m'dzanja. Gawo la kompyuta limene lili ndi phindu kwa mwana wa Fomu 3 silifuna ndalama zambiri. Mapulogalamu a FreeCAD ndi Inkscape ndi aulere, ndipo malo a mafreti angawerengedwe pa Excel m'mphindi zochepa. Akajambula thupi ndi khosi pa saizi yeniyeni, akhoza kusindikiza pa mapepala a A4, kuwalumikiza motsata mzere wapakati, kuwamata pa pulayiwudi n'kudula patani yake. Ndi patani imeneyo, rauta (makina am'manja ogobera matabwa) ya kalipentala aliyense imatha kudula dzenje la khosi ndi la pickup molondola. Tsiku limene adzafune CNC adzangotenga fayilo yake n'kukalipira kwa amene ali ndi makinawo, monga mmene timachitira kuchigayo, kumene munthu sagula chigayo chifukwa cha thumba limodzi la chimanga.

Tsono akaphunzire kuti? Musayembekezere kupeza kosi ya dzina lakuti kupanga magitala. Ntchitoyi munthu amaisonkhanitsa kuchokera m'zigawo. Pakadali pano alimbikire Masamu, Fizikisi ndi Chingerezi, ndipo ngati sukulu yake imaphunzitsa Technical Drawing, Woodwork kapena Computer Studies, awatenge maphunzirowo ngati chuma. Akakhoza MSCE, njira yapafupi ndi ya makoleji a ntchito zamanja amene ali pansi pa ndondomeko ya TEVETA, monga Mzuzu Technical College kapena Livingstonia Technical College, kukaphunzira ukalipentala. Kumeneko adzaphunzira kunola tchizulo ndi pulena, kulumikiza matabwa popanda mpata ndi kupaka vanishi, zimene zili theka la ntchito ya gitala. Akakhoza bwino kwambiri, uinjiniya wa makina kapena wa zamagetsi ku MUBAS udzamufikitsa pa CAD (kujambula mapulani pa kompyuta) ndi CNC mozama, ndipo ngati mtima wake uli pa mitengo, Mzuzu University pa Luwinga pompa imaphunzitsa za nkhalango. Njira zonsezi zimadutsa pa satifiketi ya Fomu 4, ndiye kusiya sukulu pano n'kutseka zitseko zonse nthawi imodzi.

Pa funso lanu lakuti angadye nayo, yankho langa ndi lakuti kupanga magitala atsopano kokha sikungamudyetse m'zaka zoyambirira. Magitala a m'mafakitale akunja amafika otsika mtengo kuposa mmene mmisiri mmodzi angagulitsire yake, ndipo makiyi ochunira, waya wa mafreti, nsambo ndi truss rod zimachokera kunja, zimene zikutanthauza ndalama zakunja zovuta kupeza. Ndalama yoyamba ili pa kukonza. Taganizirani matchalitchi, makwaya ndi mabandi amene alipo kuyambira ku Katoto, Chibavi, Zolozolo mpaka ku Ekwendeni ndi Nkhata Bay, ndi magitala angati amene agonekedwa pakona chifukwa cha soketi yomasuka, waya woduka kapena nsambo zokwera kwambiri moti zimapweteka zala. Wokonza wodziwa ntchito amatenga gitala yotere, amadina nsambo yonenepa pa freti yoyamba ndi yomaliza nthawi imodzi, n'kusuzumira mpata umene watsala pakati pa khosi. Mpatawo uyenera kukhala wongolowa kapepala kolimba. Ukakula, amalimbitsa truss rod poipotokola gawo limodzi mwa magawo anayi a mzungulo, amadikira kuti thabwa likhazikike, amachunanso, kenako amayerekeza mawu a freti ya 12 ndi a nsambo yosadina n'kusuntha bridge mpaka agwirizane. Ntchito ya ola limodzi imeneyi imabwezera gitala moyo, ndipo woimba amene wakhutira ndi amene tsiku lina adzaitanitse gitala yopangidwa mogwirizana ndi dzanja lake. Pakati apo mmisiri amakhala akupanga zitseko, makabati ndi zikwangwani, ndipo palibe chamanyazi pamenepo.

Kwa bambo a mwanayu ndili ndi mawu amodzi. Leo Fender, amene dzina lake lili pa magitala otchuka padziko lonse, anaphunzira za akawunti ndipo anagwirapo ntchito imeneyo asanatsegule shopu yokonzera mawailesi ku Fullerton, California, mu 1938. Sankadziwa kuimba gitala. Chimene ankadziwa chinali kumvetsera madandaulo a oimba ndi kuwerengera mtengo wa chinthu, ndipo n'chifukwa chake khosi la gitala yake ya Telecaster, komanso la Stratocaster ya mu 1954, analimanga ndi masikuluwu anayi m'malo mwa guluu, kuti likawonongeka lingochotsedwa n'kuikapo lina. Choncho zofuna zanu ndi za mwana wanu sizikulimbana kwenikweni, pakuti mmisiri wosadziwa kuwerengera thabwa, vanishi, magetsi ndi masiku ake ogwira ntchito amagulitsa moluza osazindikira.

Tsopano iwe mnyamata, popeza ndikukhulupirira kuti amayi ako akuwerengera yankho ili. Loweruka likubwerali ubwereke rula yachitsulo ya mita imodzi, osati tepi ya telala imene imatamuka. Uyeze kuchokera pamphepete pa nut kukafika pakati pa freti ya 12, ulembe nambalayo m'kope, kenako uyeze kuchokera pa freti yomweyo kukafika pamene nsambo yowonda kwambiri yakhudza bridge. Nambala yachiwiriyo iyenera kuposa yoyamba ndi milimita imodzi kapena awiri basi. Ikasiyana kwambiri, umasule bridge, utseke mabowo akale ndi timitengo ndi guluu, n'kuiika pamalo oyenera. Ukatero uchulukitse nambala yoyamba ija ndi 2, uwerengere malo a mafreti onse ndi 17.817, uyerekeze ndi amene ali pa khosi la gitala yako, ndipo kope limenelo ukawaonetse aphunzitsi ako a masamu Lolemba. Thabwa la gitala yako yachiwiri uligule mwezi uno, ulisanje pamthunzi m'nyumba, ulembepo tsiku ndi pensulo, ndipo usalikhudze mpaka utalemba mayeso a Fomu 4.