Za ophunzira uphunzitsi ku Turkey ndi abale awo a ku Central Asia

Achemwali, mwafunsa kuti ophunzira uphunzitsi ku Turkey amawaona bwanji anthu a ku Kazakhstan, Uzbekistan, Kyrgyzstan ndi ena oyankhula zinenero zapachibale ndi Chituruki. Ndiyankhepo, poti ndinakhala nawo m'kalasi zaka zinayi.

Mukawafunsa, amayankha ndi mtima wonse kuti awo ndi abale awo, ndipo sanama. Zinenero zawo n'zapachibale ngati mmene ziliri Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao. Usiku wina kuhositelo tikumwa tiyi m'timatambula tawo tating'onoting'ono tija, mnyamata wa ku Kazakhstan anayamba kuwerenga: bir, eki, üsh. Mnzathu wa ku Konya, mzinda wa ku Turkey, anadzuka pampando ndi chimwemwe, akuti ifenso ndi bir, iki, üç! Koma atayamba kucheza zenizeni, wa ku Konya uja ankangotola mawu apa ndi apo. Amene amamvana bwinobwino ndi Aturuki ndi a ku Azerbaijan.

Mbiri yakale amaidziwa pamtima: miyala yolembedwa m'Chituruki chakale ya ku Orkhon ku Mongolia ya m'ma 730, dikishonale ya zinenero za Chituruki ya Mahmud al-Kashgari ya m'ma 1070, chikondwerero cha Nevruz cha pa 21 Malichi. Chimene chinkandipweteka n'chakuti abale amoyo lerowa ambiri sawadziwa. Ulamuliro wa Soviet Union unawalekanitsa zaka pafupifupi 70. Turkey inayamba kulemba ndi zilembo za Chilatini mu 1928, kenaka cha m'ma 1940 abale awo aja anawakakamiza zilembo za Chirasha, zimene Akirgiz akulembabe mpaka lero. Mayikowa atadziimira paokha mu 1991, ubale unayambanso kumangidwa, mpaka panabadwa bungwe la mayikowa ndi Turkey limene linakhazikitsidwa ku Nakhchivan ku Azerbaijan mu 2009, lomwe kuyambira 2021 limatchedwa Organization of Turkic States. Koma mgwirizano wa atsogoleri sufika msanga m'mutu mwa mphunzitsi wamawa.

Ndiye pali khalidwe la Aturuki lodzitenga ngati mkulu wa banja, amene iwo amati ağabey. Mnzanga wa ku Kazakhstan uja ankakwiya nalo kwambiri. Ankati, makolo anu anachokera kwathu, nanga ukulu mwautenga kuti? Ine ndinkamumvetsa. Mchewa wa ku Dowa akapita ku Kulamba ku Mkaika, sangawaone a ku Katete ngati ang'ono ake pomwe Kalonga Gawa Undi ali konko.

Titapita ku TP, kokayeserera kuphunzitsa m'sukulu, mtsikana wina wa m'gulu mwathu anauza ana kuti Aturuki onse pamodzi ndi abale awo ndi Asilamu ndipo amadya zofanana. Mwana wina, amayi ake a ku Moldova, anakweza dzanja mwamanyazi n'kunena kuti agogo ake ndi Agagauz, amayankhula chinenero chofanana kwambiri ndi Chituruki koma amapemphera ku tchalitchi cha Orthodox. Mtsikanayo anangoti kakasi. Madzulo ake anandifunsa ngati n'zoona kuti Akazakh amadya nyama ya hatchi ndi kumwa mkaka wake wosasa, kımız. Ndinamuuza kuti asandifunse ine, akafunse mwini wake, mnyamata wa ku Kazakhstan uja, amakhala chipinda chachitatu kuchokera kwa ine. Sabata yotsatira anamuitana mnyamatayo m'kalasi mwake, anabwera ndi dombra yake, choimbira cha zingwe ziwiri, ndipo belu litalira ana anakana kutuluka.