Matayala a motorhome akuoneka atsopano, nanga tigulirenji ena?

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina amene iwo ndi amuna awo angogula kumene motorhome, galimoto ija imakhala ndi bedi, khitchini ndi bafa momwemo. Anaigula kwa mkulu wina amene sankayenda nayo kawirikawiri, moti zaka zambiri yathera pabwalo. Mwachidule alemba motere:

"Matayala ake mano adakali akuya, ndipo wogulitsayo akuti sanayende ndi komwe. Koma amuna anga aona timing'alu m'mbali mwa awiri akumbuyo. Pa tayalapo palembedwa 225/75 R16 CP 116 Q. Kodi tisinthe, kapena kukhala kungotaya ndalama? Ndipo ogulitsa matayala akuti tikhoza kuika a vani wamba, otsikirako mtengo. Titani?"

Zikomo mayi polemba. Musanayambe kuwerengetsera ndalama, tengani tochi, mugwade pafupi ndi tayala lililonse, mufunefune pamene palembedwa DOT. Motsatira zilembo zitatuzo pali manambala ndi zilembo zina, koma inu maso anu akhale pa manambala anayi omalizira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2316, ndiye kuti tayalalo linatuluka m'fakitale sabata ya 23 ya chaka cha 2016. Kalembedwe kameneka kanayamba mu 2000, choncho mukapeza manambala atatu okha, tayalalo linapangidwa 2000 isanafike ndipo palibenso zokambirana. Nthawi zambiri manambalawa amawadinda mbali imodzi yokha. Ngati kunja simukuwaona, bambowo alowe pansi akasuzumire mbali yam'kati. Sipeya nayo muione, chifukwa kawirikawiri ndi imene imakhala nkhalamba kuposa onse.

Ndayambira pamenepa chifukwa wogulitsa uja sananame, koma zimene ananenazo sizikuthandizani. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku tayala lake limatha mano, aliyense n'kuona ndi maso kuti lasalala. Motorhome tayala lake limafa ndi ukalamba mano adakali onse. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mu mphira ya tayala opanga amasakanizamo mankhwala oiteteza ku dzuwa ndi ku mpweya wa ozoni, ndipo mankhwalawa amatulukira pamwamba pang'onopang'ono tayala likamazungulira, kupindika ndi kutentha. Likangokhala malo amodzi miyezi isanu, litasenza gawo lake la galimoto ya matani atatu kapena kuposa, mphira imauma, imayamba kugwa timing'alu pamalo pamene yapindikira. Timing'alu ta kunja ndi chizindikiro chabe. Choopsa chenicheni chili m'kati, pamene mphira imagwirana ndi malamba a waya. Pamenepo pakafooka simungaone ndi tochi, mudzangomva tsiku lina muli pa liwiro.

Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka 5 liziunikidwa ndi katswiri chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino bwanji, sipeya yomwe. Zaka 10 zimenezo ndi mapeto enieni. Kwa galimoto yolemera, yokhalitsa padzuwa ngati yanuyi, ine sindidikira mpaka pamenepo. Ndimasintha pakati pa zaka 6 ndi 7. Ndipo anuwo aonetsa kale ming'alu. Ngati onse anapangidwa chaka chimodzimodzi, achoke onse. Akutsogolowo anamwa dzuwa lomwelo.

Sindikunena izi chifukwa chowerenga kokha. Motorhome yanga yoyamba inandiphunzitsa mowawa. Ndinkawanyadira matayala ake, ndikalowetsa chala m'mano ake chinkabisika nsonga. Tsiku lina kukutentha, titayenda pafupifupi maola awiri, ndinamva kaphokoso kumbuyo ngati munthu akugogoda pansi ndi chibakera, du du du. Ndisanamalize kufunsa mnzanga kuti wamva chiyani, phuu! Nditaimitsa n'kutsika, ndinapeza madzi akuchucha pansi pa galimoto. Chikopa chonse cha pamwamba pa tayala chinali chitasendeka, ndipo pozungulira chinakwapula chilichonse chimene chinali pafupi: chinaswa pulasitiki ya pamwamba pa gudumu, chinadula paipi ya madzi ndi mawaya a nyali zakumbuyo. Paipi ya gasi inapulumuka ndi kampata kochepa kwambiri. Ndinatola chidutswa cha tayalalo pamsewu, chikutentha, mano ake ali bwinobwino. Ndalama zokonzera zinaposa zimene ndikanagulira matayala onse.

Poti ndatchula za kuphulika: zikakuchitikirani, phazi lisathamangire pa buleki. Gwirani chiwongolero ndi manja onse, pitirizani kuponda moto pang'ono kuti galimoto iwongoke, kenako muzichotsa phazi pang'onopang'ono mpaka mutapeza poima.

Tsopano ku funso lanu lachiwiri. Tiyeni tiwerenge zomwe mwakopera zija. 225 ndi kukula kwa tayala m'lifupi mu mamilimita. 75 akutanthauza kuti khoma lake lam'mbali ndi lalitali magawo 75 pa 100 a m'lifupimo. R16 ndi tayala la radial lolowa pa rimu ya mainchesi 16. Izi musasinthe. Q ndi liwiro limene tayalalo lingapirire, makilomita 160 pa ola, ndipo sindikukhulupirira kuti mudzafika pamenepo ndi mapoto m'kabati. Nambala imene ili ndi nkhani ndi 116. Imeneyo ikunena kulemera kumene tayala limodzi lingasenze, makilogalamu 1,250. Ikanakhala 112 akanakhala 1,120. 118 ndi 1,320. 121 ndi 1,450. Mukaona manambala awiri, monga 116/114, yoyamba ndi ya tayala limene lili lokha, yachiwiri ndi ya matayala ophatikizana awiriawiri kumbuyo, ndipo imakhala yotsikirapo. Tayala latsopano nambala yake ifanane ndi imene opanga galimoto analemba, kapena ipose. Yotsika ayi, ngakhale akuchotsereni mtengo.

Komabe nambala ya pa tayala ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo ndi kulemera kwenikweni kwa galimoto yanu, ndipo eni motorhome ambiri sakudziwa. Amangoona zolembedwa m'buku, kuiwala kuti chichokereni kufakitale galimotoyo yanenepa. Wina anawonjezera batire yachiwiri, sola padenga, chotchinga dzuwa cham'mbali, choikapo njinga kumbuyo. Thanki ya madzi ya malita 100 ndi makilogalamu 100. Ikaniponso gasi, zovala, zakudya, zida, ndi inu eni ake. Ndipo katundu amene ali kumapeto kwenikweni, kuseri kwa mawilo akumbuyo, amakanikiza mawilowo kuposa kulemera kwake, chifukwa amanyamulanso kutsogolo ngati mmene chimachitira chitsulo chotukulira mwala.

Ndiye chitani izi musanagule kanthu. Longedzani ngati mukupita ulendo weniweni, dzazani madzi ndi mafuta, kwerani nonse, mupite pa sikelo yoyezera magalimoto. Ayeze mawilo akutsogolo paokha, akumbuyo paokha. Mukapeza malo amene angayeze gudumu lililonse palokha, ndiye bwino koposa, pakuti motorhome silemera mofanana mbali zonse. Kumene kuli firiji ndi thanki kumalemera kwambiri. Zimene mwapezazo muziyerekeze ndi kachitsulo kamene opanga anakhomerera pa galimoto, nthawi zambiri pafupi ndi chitseko kapena pansi pa boneti, kamene kamanena malire a kutsogolo ndi a kumbuyo. Kenako muyerekeze ndi matayala. Awiri a 116 kumbuyo ndi makilogalamu 2,500. Ine ndimakonda kusiya mpata wa gawo limodzi pa magawo 10, ndiye kuti osapyola 2,250. Sikelo ikaonetsa 2,300, pa pepala muli bwino, koma mbali yolemera ija mwina yafika kale pamalire. Pamenepo tsitsani katundu kapena kwezani nambala ya tayala. Dziwani kuti tayala lamphamvu silikweza malire a galimoto, a pa kachitsulo paja amakhalabe omwewo.

Nanga a vani aja? Ogulitsawo sakukunamizani kwenikweni. Ma motorhome ambiri amamangidwa pa mavani, monga Fiat Ducato, ndipo tayala la vani lolembedwa C, la saizi yomweyo ndi nambala yosenzera yokwanira, likhoza kugwira ntchito. Kusiyana kwake n'kwakuti vani imasenza m'mawa, masana yatsitsa, pamene motorhome siitula katundu moyo wake wonse. Matayala olembedwa CP ngati anuwo, monga Michelin Agilis Camping kapena Continental VancoCamper, anapangidwira zimenezo: makoma olimbitsidwa, ndipo amalola mpweya wokwera, mpaka 5.5 bar kumbuyo (bar ndi muyeso wa mpweya wa m'tayala). Ngati sikelo yaonetsa kuti muli pafupi ndi malire, kapena galimoto izikhala miyezi osayenda, ine ndingalipire za CP osadandaula. Ngati muli ndi mpata wambiri, C yabwino ikwana. Zoti musayerekeze n'komwe ndi ziwiri: matayala a galimoto zazing'ono, ngakhale atalowa pa rimu, ndi olembedwa ST, amene ndi a ngolo zokoka basi. Ndipo pa mawilo awiri oyang'anizana musasakanize mitundu.

Za mpweya anthu amakangana mpaka usiku. Nambala ya mpweya imene ili pakhoma la tayala si lamulo loti muzipopa pamenepo nthawi zonse. Ikunena mpweya umene tayalalo limafuna litasenza katundu wake wonse. Yambirani pa zimene opanga motorhome analemba. Mukakhala ndi manambala a sikelo aja, opanga matayala ali ndi matebulo osonyeza mpweya woyenera kulemera kulikonse, ndipo mawilo onse akutsogolo, kapena onse akumbuyo, mupope mofanana potengera gudumu lolemera kwambiri. Yezani m'mawa matayala ali ozizira. Mukaima panjira n'kupeza mpweya wakwera, musaphwetse, ndi mmene umachitira ukatentha. Tayala losakhuta limapindika kwambiri, kupindikako kumabala kutentha, ndipo kutentha ndiko kumasendula malamba aja. Kachipangizo ka TPMS, kamene kamakuonetsani mpweya wa gudumu lililonse muli pachiwongolero, ine ndinakagula pambuyo pa tsiku la madzi lija.

Tsiku losintha musangosiya makiyi n'kupita kokamwa tiyi. Onani DOT ya matayala atsopanowo asanawaike, chifukwa tayala likhoza kukhala "latsopano" koma litagona m'sitolo zaka zitatu, ndipo zaka zimenezo ndi inu mukuziluza. Ine ndimapempha losapitirira chaka chimodzi. Mavalavu asinthidwe onse, ndipo apa mpofunika kuumirira: valavu wamba ya mphira malire ake ndi pafupifupi 4.5 bar, ndiye ngati muzipopa kuposa pamenepo aike zachitsulo kapena zopangidwira mpweya wokwera. Onetsetsani pamene akuika jeki. Pansi pa motorhome pali matanki ndi mapaipi, ndipo mnyamata wozolowera galimoto zazing'ono akhoza kukweza pamalo osayenera. Manati amalizitse ndi sipanala yoyeza mphamvu, pa mlingo umene uli m'buku la galimoto, osangoti mfuti ya mpweya yalira basi zatha. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, akawaonenso.

Mukafika nayo kunyumba n'kuiimika, matayala muwaphimbe ku dzuwa, asakhale m'matope kapena pamene padonthera oilo, ndipo mankhwala owalitsa matayala okhala ndi mafuta a petulo muwasiye. Madzi ndi sopo zikwana. Kamodzi pa mwezi itulutseni muyende nayo kanthawi ndithu mpaka matayala afunde, kuti pobwerako asakhalirenso pamalo pomwe paja.

Mukapita ku sikelo mundilembere manambala awiriwo, pamodzi ndi a pa kachitsulo ndi a DOT, tidzaone limodzi ngati 116 ikukwanirani kapena mukwere pa 118.