Kwa mayi amene mwafunsa za psicóloga wa pa WhatsApp

Mayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti mwana wanu wamkazi wa zaka 15 wasiya kugona, chakudya amangochitosatosa, amadzitsekera m'chipinda, ndipo mayeso akayandikira mtima umamugunda mpaka kusanza. Ndiye mwaona pa Facebook munthu wodzitcha psicóloga, katswiri wa za maganizo, woti amathandiza achinyamata pa vidiyo mukamutumizira ndalama pa M-Pesa, ndipo mukufuna kudziwa ngati n'zoona kapena n'zakuba. Ndikuyankhani ngati mayi mnzanu wa kuno ku Ulónguè, chifukwa mwana wanga wamwamuna anadutsa momwemo ali mu décima classe.

Thandizo la pa foni limagwira ntchito, bola munthuyo akhale katswiri weniweni. Njira imene ambiri amatsata pa Chipwitikizi imatchedwa terapia cognitivo-comportamental, yothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zochita zake, yomwe dokotala wina wa ku America, Aaron Beck, anaiyambitsa m'ma 1960. Kumeneko mwana amapatsidwa ntchito, sangouzidwa kuti alimbe mtima ayi. Wanga anali ndi kope. Akagwidwa ndi mantha ankalemba chimene chachitika, kenako ganizo limene lamubwerera, kenako umboni wake. Tsiku lina analisiya pa mpando ndipo ndinaona mzere umodzi: "Aphunzitsi sanandiyankhe moni, ndiye kuti akudziwa kuti ndilephera." Pansi pake analemba yekha kuti aphunzitsiwo anali atanyamula mapepala ambiri ndipo sanayankhe aliyense. Iye ndi katswiri wake ankakumana kamodzi pa mlungu, pafupifupi ola, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Pang'onopang'ono anamubwezeranso ku mpira umene anausiya.

Koma mavuto athu akuno katswiri wa ku Maputo sawaona. Foni inali yanga. Netiweki imagwira bwino kuseri kwa khitchini kokha, ndiye mwana ankakhala pa thumba la kachewere, azing'ono ake akusuzumira, ine ndikupeta nyemba chapafupi. Milungu iwiri yoyamba ankangoti "sim", "não", mamega akutha. Tsiku limene ndinatenga ana onse n'kupita nawo kumsika ndi limene anayamba kulankhula. China ndi chilankhulo. Ana athu Chipwitikizi amachidziwa cha m'kalasi, koma zowawa amazimva m'Chichewa. Wanga atamasulira kuti "mtima ukundiwawa", mayi katswiri uja anafunsa ngati tamuyezetsa mtima kuchipatala! Mukapeza wodziwa Chichewa kapena Chinyungwe, ngakhale akhale wa mumzinda wa Tete, ameneyo ndiye mumutsate.

Za akuba zilipo, ndipo ine anandidyera. Woyamba amene ndinamupeza anafuna ndalama za mwezi wonse asanamuone n'komwe mwana, n'kumangotumiza mauthenga a mawu olimbikitsa ngati a pa maliro. Kenako anati tigule mapiritsi. Pamenepo ndinadziwa. Weniweni amakuuzani dzina lake lonse, kumene anaphunzira ndi chipatala chimene amagwirako, mukhoza kukafufuza. Amayamba walankhula ndi inu kholo, amafunsa chipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo amanena poyera kuti zimene mwana amuuze ndi zachinsinsi kupatula ngati moyo wake uli pangozi. Mwana wamkazi makamaka, munthu akayamba kumulembera usiku, kumupempha zithunzi kapena kumuuza kuti asakuuzeni, dulani tsiku lomwelo.

Komabe ndikanakhala inu sindikanayambira pa foni. Pitani naye kaye ku centro de saúde, mufunse za SAAJ, malo a achinyamata aja. Ambirife timaganiza kuti ndi za kulera ndi HIV basi, koma amamvetsera ndipo amatumiza kwa técnico de psiquiatria kapena psicólogo, akatswiri a za maganizo a kuchipatala. Akamuyezenso magazi, chifukwa kuchepa magazi nako kumafooketsa ndi kugunditsa mtima. Palinso nambala ya 116, Linha Fala Criança, yaulere, mwana akhoza kuimba yekha. Mankhwala akafunika, alembe ndi a chipatala amene amuona maso ndi maso. Musamupatse mapiritsi ogonetsa a agogo ake.

Pali funso limene limatiuma pakamwa ife makolo, koma mufunseni lero, muli awiri: "Kodi umaganizapo zodzipha?" Kufunsa sikumuika ganizolo m'mutu. Wanga anakhala chete nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu kuvomera, ndipo miyendo yanga inazizira. Akavomera, kapena mukaona mabala odzicheka m'mikono, za WhatsApp zisiyeni kaye, mupite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo asakhale yekha. Kwathu usiku womwewo bambo ake a mwana wanga anatola mankhwala opopera kachewere ndi fodya, a makoswe ndi a m'chimanga, n'kukawatsekera kwa achimwene awo. Kuno ku Angónia ndi Tsangano zinthu zimenezi timangoziika pakona ngati mchere.

Anthu adzalankhula. Apongozi anga ankati walodzedwa ndi anzake ansanje, bambo ake poyamba ankati ndi ulesi ofunika khasu. A bungwe la WHO amati wachinyamata mmodzi mwa 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la maganizo, ndiye m'kalasi ya mwana wanu sali yekha. Ife kutchalitchi sitinasiye, mapemphero ankachitika, kuchipatala tinkapitanso.

Akadzayamba kucheza naye katswiriyo, mugulireni mahedifoni otchipa, mudzazeni foni moto nthawi isanakwane, inu muchokepo. Akamaliza musamufunse kuti mwakambirana chiyani. Ine ndinafunsa kamodzi, mlungu wotsatira anakana kuimba.