Musasinthe zonse kukhala AWD achimwene, imvani kaye izi

Achimwene ndaona funso lanu lija, mukuti Civic yanu ndi Subaru ya anzanu zonse zalembedwa A 800 mu gemu ya mipikisano ya magalimoto ija ya Forza Horizon 5 koma mukangoyamba mpikisano iwo amakusiyani pa mzere pomwepo ngati mwaiwala kuchotsa handibuleki, ndiye mukufunsa ngati kuli bwino mungosintha magalimoto anu onse akhale AWD, yokoka ndi matayala onse anayi. Ine ndikuti ayi, osati onse, ndipo ndifotokoza chifukwa ine ndalama za mu gemu ndinawononga zambiri pa nkhani yomweyi.

Nambala ijayo amaitcha PI, ndipo imangokuikani mu kalasi basi, D imathera pa 500, C pa 600, B pa 700, A pa 800, S1 pa 900, S2 pa 998, kenako X. Gemu imatenga mphamvu ya injini, kulemera kwa galimoto, matayala, mabuleki ndi zina zotero nkuphatikiza kukhala nambala imodzi, ndiye magalimoto awiri atha kufika pa 800 podzera njira zosiyana, wina wathera mapointi ake pa injini wina pa matayala. Zili ngati makabaza awiri pa Kamuzu Road, mtengo wokafika ku boma ndi umodzi koma wina njinga yake ndi yopepuka wina ali ndi miyendo, amene afike msanga zitengera msewu wa tsiku limenelo.

Tsono Civic yanuyo ndi FWD, imakoka ndi matayala akutsogolo ngati Vitz kapena Sienta zomwe tadzaza nazo mtauni muno. Vuto lake nlakuti mukaponda mafuta kulemera kwa galimoto kumathawira kumbuyo, kutsogolo kumapepuka, ndiye matayala omwe akuyenera kukoka aja amangopalasa. Komanso matayala omwewo ndi amene akukhotetsa galimoto, ntchito ziwiri pa munthu mmodzi, nchifukwa chake mukalowa kona muli pa moto galimoto imakana kukhota imangopita mphuno ili kutchire. Mukaionjezera mahatchi ambiri zinthu zimangoipiraipira, PI ikukwera koma mphamvuyo siikufika pansi. FWD ine ndimaikonda mmakalasi apansi, D, C mwina B, kumeneko ndi yopepuka ndipo siichita ukali, koma kuikokera mpaka S1 nkudzizunza.

Subaru Impreza ya anzanuyo, chimodzimodzi Lancer Evolution, matayala onse anayi amagawana mphamvu ndiye poyambira palibe kupalasa, imangonyamuka. Pa fumbi ndiye osanena. Inu mwaonapo Probox itakanirira mumchenga ku Senga Bay anthu akukankha, Hilux yoika 4x4 nkudutsa pambali ngati palibe kanthu, ndi nkhani yomweyo. Ngakhale pa rally yeniyeni Audi itabwera ndi Quattro kumayambiriro kwa ma 1980 anzake onse anakakamizika kutsatira. Ndiye ngati mipikisano yomwe mumasewera ndi ya dirt kapena cross country ija yodumpha mapiri a ku Mexico a mu gemumo, apo sinthani ndithu osaganiza kawiri.

Koma AWD si ya ulele ayi. Zitsulo zoonjezera zija zimalemeretsa galimoto, mphamvu ina imatayikira mnjira isanafike ku matayala, ndipo PI imasuntha mukangosankha swap yosinthira galimoto kukhala AWD, kusuntha kwake kumasiyana galimoto ndi galimoto ndiye muziyang'ana nambala pakona paja musanadine kugula. Ikakwera ndiye kuti mapointi omwe mukanagulira matayala abwino kapena kuchepetsa kulemera apita. Ine ndinapanga zimenezi pa Mazda MX-5, kagalimoto kokoma kuyendetsa kali RWD, kokankha ndi matayala akumbuyo, nditakaika AWD kanayamba kunyamuka bwino zedi koma pa kona kanasanduka ngolo kkkk, ndipo pa msewu wautali wa tala anzanga amandipeza nkundidutsa.

RWD ndi imene anthu amaiopa koma pa tala ndi imene imabweza ndalama ngati chala chanu chili ndi ulemu. Akutsogolo akukhotetsa, akumbuyo akukankha, aliyense ntchito yake, ndipo kulemera kuja kukathawira kumbuyo kumakapondereza matayala omwe akukankhawo. Kungoti mukaponda mafuta onse mukadali pakati pa kona matako a galimoto amatuluka nkuzungulira. Apa padi yanu yosewerera ikhale yabwino, ngati trigger ya mafuta inatha kale ngati zija za mma shopu a gemu zomwe zimangodziwa zero ndi handiredi basi, RWD idzakulizani, bola AWD yomweyo kapena muyatse traction control yoletsa matayala kupalasa, osachita manyazi.

Mwati nthawi zina mumasewera Gran Turismo 7 kwa asuweni anu ku Nkhotakota, kumeneko nambala amaitcha PP ndipo amalemba FF, FR, MR, RR ndi 4WD, chilembo choyamba nkomwe kuli injini chachiwiri matayala oyendetsa. Civic ndi FF, AE86 ndi FR, Toyota MR2 injini ili pakati ndiye MR, Porsche 911 injini ili kumbuyo kwenikweni RR. Ziwiri zomalizazi zimatuluka pa kona mwamphamvu chifukwa katundu wambiri wakhalira matayala akumbuyo, koma mukasiya mafuta mwadzidzidzi pakati pa kona zimakutembenuzani musanadziwe nkomwe. Ndipo PP ndi PI musamaziyerekeze, 600 ya uku si 600 ya uko.

Ndiye chitani chonchi. Civic isiyeni FWD, itsitseni ku B, mapointi muike pa matayala ndi kuchotsa kulemera osati pa turbo, muikenso differential kuti tayala lamkati lisamapalase lokha. Ya kalasi A mugule ina, imodzi ya AWD ya pa fumbi, ina ya RWD ya pa tala muziphunzirira. Pa ya AWD ijayo mukaika race differential lowani mu tuning, pali center balance yogawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, ikankhireni kumbuyo cha mma 65 kapena 70 peresenti, muona ikuyamba kukhota bwino osakakamira kutsogolo. Kenako sankhani msewu umodzi mu Rivals, gawo la gemu lopikisana pa nthawi, muzungulire katatu ndi iliyonse mulembe nthawi, osadalira mmene zikumvekera mmanja chifukwa AWD imanamiza, imamveka yothamanga poyambira pomwe nthawi ya lap yonse mwina ndi yochedwa. Loweruka magetsi akakhalapo ndibwera ndi padi yanga tidzayese pa Subaru ya anzanuyo, muwauze asathawe.