Za manda a mdala wa pa 100 dollar uja ndi makobili omwe anthu amaponyapo

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe amawerenga kuno pafupipafupi, akuti anaona kavidiyo pa WhatsApp koonetsa anthu akuponya makobili pamanda a Benjamin Franklin, mdala wa dazi amene nkhope yake ili pa 100 dollar uja. Funso lawo ndi loti, "poti akuti mkuluyu anali wa Freemason, ndalama zimenezi si nsembe kodi, si zausataniki zimenezi?"

Achimwene, zoti anali wa Freemason ndi zoona ndithu, iyeyo sankabisanso. Analowa mu 1731 ku St. John's Lodge, loji (nthambi ya gulu la Freemason) ya ku Philadelphia, ndipo pofika 1734 anali kale Grand Master, kutanthauza mkulu wa gululi mu Pennsylvania, ali ndi zaka 28 zokha. Chaka chomwecho anasindikiza buku la malamulo a gululi poti ntchito yake yeniyeni inali yosindikiza mabuku ndi nyuzipepala. Atapita ku France ngati kazembe analowanso loji ina ya ku Paris mpaka anaitsogolera. Kwathu kuno mukangotchula Freemason anthu amaganiza za magazi ndi kukhwima, koma nthawi imeneyo ku America linali gulu la azibambo amabizinesi ndi andale okumana madzulo, miyambo yawo yachinsinsi inalipo inde koma kwa mnyamata wochokera kosauka ngati iyeyu, mwana wa bambo wopanga makandulo ndi sopo ku Boston, kumeneko ndi kumene ankadziwanirana ndi akuluakulu. George Washington naye anali momwemo.

Tsono za mandawo. Ali ku Christ Church Burial Ground, manda a tchalitchi, pakona pa misewu ya 5th ndi Arch mu Philadelphia. Anamwalira pa 17 April 1790 ali ndi zaka 84 ndipo pamaliro pake panasonkhana anthu pafupifupi 20,000. Mungaganize kuti munthu wotere anamumangira chiliza chachitali ngati nyumba, ayi ndithu, ndi mwala wafulati wogoneka pansi, wolembedwa "Benjamin and Deborah Franklin 1790" basi. Palibe vesi, palibe maudindo, palibe chizindikiro cha Freemason. Analamula yekha mu wilo yake kuti pakhale choncho. Deborah ndi mkazi wake, anatsogola mu 1774 mwamunayo ali ku London pa ntchito za boma, sanamuone ngakhale pomwalira, nkhani imeneyo imandiwawa ine. Pafupi pomwepo pali mwana wawo Francis yemwe anamwalira ndi nthomba mu 1736 ali ndi zaka 4.

Mu 1858 anagumula mbali ina ya mpanda nkuikapo zitsulo kuti odutsa mumsewu aziona mandawo osalowa mkati, ndiye anthu amangoima panja nkumaponya ma peni kudzera mzitsulomo. Chifukwa chake nchosavuta, pali mwambi wina omwe a ku America amati ndi wake wonena kuti kobili lomwe wasunga lili ngati lomwe waligwirira ntchito, ndiye ena amaponya pomukumbukira, ena akuti zimabweretsa mwayi, ambiri ndi alendo ongotsanzira anzawo. Chosekesa nchoti munthu ankalalikira kusunga ndalama koma anthu akumulemekeza pozitaya. Makobiliwo amatoleredwa nkuthandizira kusamala malowo, komanso anakumbakumba mwalawo, pamwamba pake unali utang'aluka kale, mpaka mu 2017 anachita kuukonza.

Ndalama zomwe ine ndikufuna muzidziwe si za pamandazo ayi. Mu wilo muja anasiya mapaundi 1,000 ku Boston ndi 1,000 ena ku Philadelphia, nkunena kuti azikongoza anyamata apabanja osakwana zaka 25 omwe amaliza kuphunzira ntchito zamanja, pa chiwongola dzanja cha 5 peresenti, kuti ayambe mabizinesi awo, poti nayenso anayamba ndi ngongole za anthu omukomera mtima. Ngati banki mkhonde, koma yoti iyende zaka 200! Anati pakatha zaka 100 atapeko gawo lina lachitukuko, zotsalazo zipitirire kuswana. Ku Boston gawo loyambalo linathandiza kutsegula sukulu ya ntchito zamanja yomwe ilipobe mpaka lero. Pomafika 1990 thumba la Boston linali litadutsa madola 4 miliyoni, la Philadelphia pafupifupi 2 miliyoni.

Musamuyese mngelo komabe. Anali ndi akapolo pakhomo pake kwa zaka zambiri ndipo nyuzipepala yake inkalengeza malonda a akapolo. Anadzasintha atakula, mu 1787 anakhala mtsogoleri wa bungwe lolimbana ndi ukapolo ku Pennsylvania ndipo mu February 1790, miyezi iwiri asanamwalire, anasaina kalata yopempha Congress, nyumba ya malamulo ya America, kuti ukapolo uthe. Ena amati anachedwa, ine sindingawatsutse.

Kena kake kamodzi, mu imelo muja munamutchula kuti pulezidenti. Sanakhalepo pulezidenti wa America mdalayu, anasaina nawo chikalata cha ufulu mu 1776, pangano lothetsa nkhondo ndi Britain mu 1783 komanso malamulo oyendetsera dziko mu 1787, koma pampando waukuluwo anayamba kukhalapo ndi Washington mu 1789, Franklin ali chigonere kunyumba kwake akudwala.