Za salmon ya mu Okutobala ku mitsinje ya Tillamook

Achimwene, mwati mwasamukira ku Portland, m'boma la Oregon ku America, chaka chino, kumudzi munkawedza chambo ndi milamba, ndipo mukufuna kudziwa mtsinje wopitako kukawedza salmon, zida zogula, komanso ngati kugula kabwato kungakuthandizeni. Za bwato ndisiyira ena. Ine ndiyankha za kuwedza mutaima pamtunda, chifukwa ndi pomwe munthu watsopano amatayira ndalama ndi masiku ambiri pachabe.

Amene akulozerani ku Buoy 10 akuuzani za nyengo yomwe yadutsa kale. Kumeneko ndi kumathiriro a mtsinje wa Columbia, kumakoma mu Ogasiti, ndipo n'kwa anthu amabwato. Amene anena za nyongolotsi nawonso maganizo awo ali pa mlamba. Salmon ikachoka m'nyanja n'kulowa mumtsinje imasiya kudya. Imakwera kukaikira mazira monga imachitira mpasa mumtsinje wa Bua, kusiyana kwake n'kwakuti iyi ikaikira imafera komweko. Choncho simukuwedza nsomba yanjala ayi. Mukuwedza nsomba yomwe imaluma chinthu pokhapokha chikafika pakamwa pake penipeni, chili ndi fungo loyenera.

Pitani ku Tillamook. Kuchoka ku Portland ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka pa Highway 6, ndipo msewuwo umayenda m'mbali mwa mtsinje wa Wilson mtunda wautali. Mitsinje isanu imathira mu Tillamook Bay: Tillamook, Trask, Wilson, Kilchis ndi Miami. Kwa munthu wopanda bwato ine ndikakamira pa Trask ndi Wilson basi. Chinook, mtundu wa salmon womwe ena amautcha king, imayamba kuoneka mu Trask kumapeto a Seputembala ndi mu Okutobala, pomwe mu Wilson imachedwerako, imachuluka chakumapeto a Okutobala ndi mu Novembala. Zambiri zimalemera makilogalamu 7 mpaka 14. Si nsomba yoti mungaikoke ndi kandodo ka chambo.

Koma chachikulu pa zonse ndi madzi. Tsiku lopita kumtsinje silisankhidwa pa kalendala, limasankhidwa ndi mvula. Mvula isanayambe, mitsinje imeneyi imakhala yotsika, madzi ali mbee, ndipo nsomba zimaunjikana kumunsi, chigawo chomwe madzi amakwera ndi kutsika motsatira nyanja. Mukapita kumtunda nthawi imeneyo mukaponya tsiku lonse m'maiwe opanda kanthu. Ikagwa mvula yamphamvu mtsinje umadzaza, madzi amasanduka matope, masamba oyoyoka amakoleka pachingwe mukangoponya. Tsiku limenelo khalani kunyumba. Masiku abwino ndi pamene madzi ayamba kutsika, kawirikawiri tsiku limodzi mpaka atatu mvula itakata. Madzi ake amaoneka obiriwira. Mukaima m'madzi ofika m'mawondo n'kumaona nsapato zanu mwachizimezime, ndiye kuti mwafika bwino. Mukamaona mwala uliwonse pakati pa dziwe, mwachedwa. Kakwereredwe ka madzi a Wilson kamaonetsedwa pa intaneti ndi a NOAA, nthambi ya boma la America yoona za nyengo, pamodzi ndi zomwe akuyembekeza masiku akubwerawo. Muzikaona usiku musananyamuke. Kilchis, poti ndi waung'ono, amayera msanga kuposa inzake.

Ngati mvula yachedwa ndipo mwaganiza zowedza kumunsiko, tsatirani ndandanda ya kukwera ndi kutsika kwa nyanja. Nsomba zimaluma kwambiri madzi akamatembenuka, makamaka akafika pachimake n'kuima kaye pang'ono, ndiponso m'bandakucha.

Tsopano zida. Njira imodzi yokha ikukwanirani chaka choyamba: bobber ndi mazira. Bobber ndi kaja koyandama pamwamba. Ndodo ikhale yotalika mapazi 9 mpaka 10 ndi theka, yolembedwa kuti imapirira chingwe cha mapaundi 15 mpaka 30. Yaifupi imakulepheretsani kunyamula chingwe pamwamba pa madzi. Rilu ikhale yoti ingalowe mayadi osachepera 150 a chingwe choluka chija amati braid, cha mapaundi 50 kapena 65. Chingwe cholukachi chimayandama, n'chifukwa chake chimafunika. Ndodo ndi rilu zabwinobwino mupeza pa madola 150 mpaka 250 zonse pamodzi. Zodula kuposa apo sizikuonjezerani nsomba.

Kamangidwe kake, kuyambira kumtunda: kamfundo kotsetsereka kotchedwa bobber stop, kamkanda, bobber wa bowo pakati, mkanda wina, mtovu, swivel (kachitsulo kozungulira kolumikizira zingwe), kenako chingwe chosaoneka m'madzi cha mapaundi 25 kapena 30 chotalika mapazi awiri kapena atatu, n'kumalizira mbedza ya saizi 4/0 kapena 5/0. Bobber ndi mtovu zigwirizane. Ngati pa bobber palembedwa 1 oz, mtovu ukhale womwewo kapena wopepukirako pang'ono, popeza nyambo nayo ili ndi kulemera kwake. Madzi akakhala amphamvu kwezani zonse ziwiri zifike 2 oz. Mbedza muimange ndi mfundo yotchedwa egg loop, yomwe imasiya kalupu kogwira mazira. Iphunzireni muli kunyumba, pa tebulo, ndipo mumangiretu zingwe zakumbedza khumi. Zala zozizidwa mumdima wa m'mawa sizimanga mfundo yolimba, ndipo nsomba zambiri zimathawira pamfundo yomangidwa mothamanga.

Nyambo ndi mazira a salmon okonzedwa ndi mankhwala oumitsa. Chaka chino gulani okonzakonza m'masitolo a zowedzera ku Tillamook komweko, botolo limakhala cha m'ma madola 20 mpaka 30. Dulani chibulu chonga dzira la nkhuku laling'ono, chilowetseni m'kalupu, n'kukoka pang'ono osafinya. Ambiri amaonjezera sand shrimp imodzi (kanyama kam'mchenga wa kunyanja, ka m'gulu la nkhanu) kunsonga ya mbedza, ndipo masiku ena chimenecho ndi chomwe chimasiyanitsa wogwira ndi wobwerera chimanjamanja. Mazira akayera, akhala ngati kansanza, chotsani muike ena. Fungo latha. Kuumira nyambo kumeneku ndi matenda a anthu ambiri atsopano: amaponya chibulu chimodzi maulendo makumi awiri. Manjanso asanunkhe petulo, fodya kapena mafuta odzola. Valani magolovesi opyapyala a labala pogwira mazira.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pa kuya. Chinook imagona pansi, m'maiwe akuya, pamalire pomwe madzi othamanga akumana ndi odekha. Nyambo yanu iyenera kudutsa phazi limodzi kapena awiri pamwamba pa miyala. Ikadutsa mapazi asanu pamwamba pake, nsomba siidzuka kuitsatira. Yambani mwaika bobber stop pa mapazi 6, ponyani, kenako muzikweza kamfundoko phazi limodzi ulendo uliwonse mpaka muone bobber akudodoma ndi kupendeka. Mutu wake ukaloza kumunsi kwa mtsinje, ndiye kuti mtovu ukukhwekhwereza pansi. Bwezani phazi limodzi, mwapeza kuya kwake. Mutu ukaloza kumtunda, chingwe chanu chikumugwira, nyambo yanyamuka. Bobber woyenda bwino amaima chilili n'kumayenda liwiro limodzi ndi thovu la pamadzi. Kuti zitero, kwezani ndodo, nyamulani chingwe chomwe chapanga uta pamadzi n'kuchiika kumtunda kwa bobber popanda kumugwedeza. Mukasuntha kupita dziwe lina, yambiraninso kuyesa.

Bobber akamira, musatsakamule nthawi yomweyo monga timachitira ndi chambo. Zunguzani rilu msanga mpaka mumve kulemera, kenako kwezani ndodo mwamphamvu kamodzi. Mukakoka chingwe chili lende simulasa kanthu. Ndipo nthawi zina bobber samira, amangovina pang'onopang'ono, nsomba ikutafuna mazira. Dikirani alowe. Ikakodwa ithamanga, isiyeni itenge chingwe. Drag, yomwe ndi buleki ya chingwe pa rilu, ikhale yoti mungathe kusolola chingwe ndi dzanja movutikira pang'ono, ndipo musaimange pakati pa nkhondo. Ukonde wotolera ukhale waukulu, nsomba ilowe ndi mutu, ndipo wogwira ukondeyo asaithamangitse m'madzi.

Za malamulo ndikupemphani mumve bwino, chifukwa apa mpomwe pali chindapusa ndi kulandidwa zida. Mufunika laisensi yowedzera ya ODFW, nthambi ya boma la Oregon yoona za nsomba ndi nyama, kuphatikizapo Combined Angling Tag, chikalata cholembapo nsomba zomwe mwasunga. Kwa wokhala mu Oregon zonse ziwiri za pachaka zimatsikirako mtengo, koma amakuwerengerani kuti ndinu wokhalamo mukatha miyezi isanu ndi umodzi. Ngati simunakwanitse, gulani ya tsiku limodzi. Nsomba mukaisunga muilembe pa tag nthawi yomweyo, musanaponyenso, osati mukafika pagalimoto. Ngati tag yanu ili pafoni, lowani mu pulogalamu yawo ya MyODFW mudakali komwe kuli netiweki, chifukwa m'zigwa zina za Highway 6 foni siigwira. Ngati ndi yapepala, tengani cholembera cha inki.

Musanaitulutse m'madzi, ionetsetseni kuti ndi nsomba yanji. Chinook ili ndi nkhama zakuda bii m'tsinde mwa mano, ndi mawanga pa mchira wonse. Coho, mtundu wina wa salmon, ili ndi nkhama zoyererako, mawanga ali kumtunda kwa mchira kokha. Kenako onani kachipsepse kakang'ono kofewa kapamsana, pafupi ndi mchira. Kakakhala kodulidwa, nsombayo inachokera kumalo oswetsera nsomba a boma. Kakakhalapo, ndi yobadwira mumtsinje, ndipo chiwerengero chomwe mungasunge chimasintha chaka ndi chaka, mtsinje ndi mtsinje, nthawi zina n'kutsekedwa nyengo ili mkati. Coho yobadwira m'mitsinje ya kugombe la Oregon ndi yotetezedwa, choncho musaganize mwa inu nokha. Werengani zosintha za Northwest Zone, chigawo chomwe muli mitsinjeyi, pa tsamba la ODFW sabata yomwe mukupitayo, osadalira kabuku ka malamulo kokha kapena zonena za munthu wa pafupi nanu. Salmon ya mtundu wa chum ya mu Kilchis ndi Miami ndi yogwira n'kubweza. Yobweza isachoke m'madzi, musaikokere pamiyala kuti muijambule.

Nsomba yokodwa pamsana, pamimba kapena pamchira muibweze, ngakhale zitachitika mwangozi. Kukola dala ndi mlandu. Ukonde wotchera ndi miono, zoti kwathu n'zachizolowezi, kuno musayerekeze n'komwe.

Chenjezo lina ndi la malo. Kumunsi kwa Trask ndi Wilson kuli minda ya alimi a ng'ombe zamkaka, ndipo kudutsa pamunda wa munthu popanda chilolezo n'kulakwira lamulo, ngakhale mtsinje ukuoneka uli pafupi. Lowerani pamalo odziwika a anthu onse, monga potsitsira mabwato ndi pa milatho. M'galimoto musasiye chikwama, ndodo yachiwiri kapena chilichonse chooneka pawindo. Pamalo odzaza anthu, onani kaye mmene akuponyera. Amasinthana, wakumunsi amayamba, ndipo wina akafuula kuti wakola, ena onse amakoka zingwe zawo. Mukalowa pakati n'kuponya mopingasa zingwe za anthu khumi, tsiku lanu laipa.

Waders, chovala chosalowa madzi chofika m'chifuwa, ndi zofunika, koma lamba wake mumange nthawi zonse. Mukaterereka opanda lamba, madzi amadzaza mpaka m'chifuwa, ndipo madzi a Novembala amalanda mphamvu m'kanthawi kochepa. Musalowe kupitirira mawondo, chinook siifuna zimenezo. Mukaona nsangalabwi zoyera ngati zasesedwa pamalo osaya, zilambalaleni, pansi pake pali mazira.

Nsomba yoti mudye ndi yonyezimira ngati siliva. Yakuda, yokhota kukamwa, ya zipsepse zoyera zosasantha, nyama yake yafewa ndipo yasuluka. Ngakhale mutaiwamba siikoma. Isiyeni ikaikire. Yabwinoyo imenyeni pamutu, dulani makha kuti magazi atuluke onse, chotsani matumbo, ndipo ilowe mu ayisi msanga. Ikakhala yaikazi, mazira ake muwasunge opanda magazi, muwakulunge m'mapepala opukutira m'firiji, n'kuwathira mankhwala a Pro-Cure kapena Pautzke pasanathe masiku awiri. Imeneyo ndi nyambo yanu ya chaka chamawa.

Ngati thumba likulola, lipirani munthu wotsogolera awedzi tsiku limodzi kumayambiriro. Amatenga cha m'ma madola 250 mpaka 300 pa munthu, zida ndi nyambo ndi zake. Mumuuze kuti mukufuna kuphunzira bobber, osati kungokhala m'bwato kudikira ndodo igwedezeke.

Pa chithunzi chanu ndaona muli ndi galu. Asanyambite salmon yaiwisi, matumbo ake, ngakhale yofa yomwe angaipeze m'mphepete mwa mtsinje. Nsomba za kuno zimakhala ndi tizilombo toyambitsa matenda otchedwa salmon poisoning, omwe amapha agalu ambiri akapanda kulandira mankhwala. Zizindikiro zimayamba pakatha masiku asanu mpaka sabata: kutentha thupi, kukana chakudya, kusanza ndi kutsegula m'mimba. Mukaona zimenezo thamangirani kwa dokotala wa ziweto ndipo mumuuze kuti galuyo anali kumtsinje. Koma chabwino n'kumusiya kunyumba.